Nsapato Zoyang'ana Kukhomo

1

Kalatayo inandipeza Lachiwiri m'mawa ndikupukuta fumbi pa masatifiketi anga. Ndili nawo khumi ndi imodzi pakhoma la ofesi, ndipo ndimawapukuta ndekha chifukwa wosesa anagwetsapo imodzi.

Mayi oyang'anira sukulu yathu analowa osagogoda. Ndi mayi aafupi, a mawu owerengeka, moti ophunzira anawapatsa dzina loti a Chete.

"Aphunzitsi, khalani pansi."

"Mayi, ine ndakhalapo pamipando ya mayiko khumi ndi anayi. Uwu ungathe kundidikira."

Sanaseke. Anaika envelopu patebulo n'kuikankhira kwa ine ndi chala chimodzi.

"Yachokera ku bungwe lotiyang'anira. Wophunzira wina wakudandaulani. Akuti munaulula chinsinsi cha munthu amene munkamuthandiza."

"Ine?"

"Inu."

"Phunziro la kusunga chinsinsi pasukulu pano amaphunzitsa ndani?"

"Inu. N'chifukwa chake ndabwera nayo ndekha. Zikapezeka kuti n'zoona akulandani chiphaso. Simudzaonanso munthu wofuna thandizo, simudzaimanso kutsogolo kwa kalasi."

Ndinaseka mokweza monga ndimachitira. Koma owerenga, poti ndalonjeza kunena zoona, ndiyambire pomwepa. Envelopu ndisanaitsegule n'komwe, ndinali nditadziwa kale kuti ndi nkhani iti. Ndinadziwanso kuti chiphaso changa chinali chinthu chaching'ono pa zimene zinali pafupi kusweka.

2

Ine sindinabadwire m'mabuku. Ndinayamba ndi chidebe ndi chokolopera m'makonde a chipatala cha odwala maganizo. Makolo athu atamwalira anandilera ndi achimwene anga, dalaivala wa mathiraki oyenda maulendo aatali. Ndinkagona pabalaza pawo, mutu kutebulo, miyendo kukhomo. Madokotala akataya mabuku akale ine ndinkatola. Ndinaphunzira pakalata, ndinalephera kawiri, kachitatu ndinaposa kalasi yonse. Wokolopa uja anasanduka katswiri wa zamaganizo.

Kenako anayamba maulendo. Ndalankhulapo m'maholo momwe anthu amavala zomvera m'makutu kuti andimve. Ndapondapo chipale chofewa, ndadyapo zinthu zimene sindikudziwa dzina lake mpaka lero. Phunziro langa lililonse linkayamba ndi mawu akuti "Nditatsika ndege," moti ophunzira anangondipatsa dzina loti a Nditatsikandege. Ankaganiza kuti sindikulidziwa. Ndinkalidziwa, ndipo ndinkalikonda.

Ntchito yanga pasukulupo inali yophunzitsa akatswiri a mawa malamulo ndi khalidwe la ntchito yathu. Anzanga ankalithawa phunziro limeneli, amati ndi louma ngati thabwa. Ine ndinalisandutsa sewero.

"Chinsinsi ndi cha ndani?" ndinkafunsa ndikumenya tebulo.

"Cha mwini wake."

"Chimatuluka liti?"

"Moyo wa munthu ukakhala pangozi, kapena khoti likalamula."

"Mlamu wako akabwera akulira, nanga?"

"Um'patse mpando ndi madzi, kenako um'tumize kwa katswiri wina. Wachibale sathandizidwa."

"Ukafuna kuphunzitsira nkhani ya munthu?"

"Mwini wake asaine chilolezo, ndipo uisinthe mpaka mayi ake omubala asamuzindikire."

Chaka chimenecho pa benchi yakutsogolo pankakhala mwana wa achimwene. Kunyumba timamutcha Mafunso, chifukwa anayamba kufunsa asanayambe kuyenda. Ali ndi zaka zisanu anandifunsa ngati misala imakhala m'mutu kapena m'maso mwa anthu oonerera. Kuyambira tsiku limenelo ndinkauza aliyense kuti mwanayu anatengera ine. Mafomu a sukulu ndinamutengera ndine. M'kalasi ankanditchula kuti aphunzitsi, koma tikatuluka ndinali abambo ake aang'ono, ndipo Lamlungu lililonse ankabwera kwathu kudzakangana nane za mabuku mpaka tiyi kuzizira.

3

Ndinali ndi nkhani imodzi imene inali ngati nyimbo yanga yotchuka. Ophunzira akale ankauza atsopano kuti asadzajombe tsiku la nsapato. Chaka chimenecho ndinaganiza zoidumpha. Ndinali ndi chifukwa, ndipo muchimva posachedwa.

Linali Lachinayi masana, kukutentha, mafani akungozunguza mpweya womwewo. Theka la kalasi linkawodzera. Ine palibe chimene chimandiwawa ngati munthu kuwodzera ndikulankhula.

"Aphunzitsi," anatero wina kumbuyo, "akuti muli ndi nkhani ya nsapato."

"Imeneyo chaka chino ili patchuthi."

"Ndiye kuti ife ndife ana opeza?"

Kalasi inadzuka, ena kumenya mabenchi. Ndinayang'ana Mafunso. Anali akumwetulira, cholembera m'manja. Mumtima ndinati: ndingosinthako zina, ine si mwana pa ntchitoyi. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Nditatsika ndege m'dziko lina lozizira," ndinayamba, kalasi n'kuombera m'manja, "kunabwera mayi wina wokonza tsitsi. Mwamuna wake ankagwira ntchito pa sitima zapamadzi. Mayiyu akalowa mu ofesi, moni asanapereke, ankavula nsapato, kuzitembenuza kuti ziyang'ane kukhomo, n'kuziika pansi pa mpando. Chonchi."

Ndinavula nsapato zanga zonyezimira zogula kunja, n'kuzitembenuza ndi chala cha kuphazi. Kalasi inagwa ndi phwete. Gawo limeneli silinalepherepo m'dziko lililonse.

"Nditamufunsa chifukwa chake, anati: 'Nsapato zizidziwa njira, mwina mwini wake angaiwale.'"

Ndinafotokoza zonse. Mwamuna anali atakhala kunja miyezi itatu, koma pobwera anapeza mkazi ali ndi mimba ya milungu isanu ndi umodzi imene sanamuuze. Mayiyo anali atafika poganiza zodzichotsa padziko. Ndinakhala naye milungu isanu ndi itatu mpaka anasankha moyo. Kenako tsiku lina kunalowa mwamuna wake, chimunthu cha manja ngati mafosholo, n'kutseka chitseko.

"Anati: 'Mkazi wanga amakuuza chiyani muno?' Ine ndinati: 'Zonenedwa m'chipinda chino ndi za mwini wake. Kafunseni yekha.' Anachonderera. Anaopseza. Ine pakamwa tsekeni. Mwana anabadwa, wamwamuna, anthu anauzidwa kuti wabadwa masiku osakwana, ndipo banjalo lilipo mpaka lero. Kusunga chinsinsi ndi kumeneko, anzanga. Zaka makumi awiri ndi zinayi, sindinauzepo munthu."

Anaombera m'manja. Palibe ngakhale mmodzi amene anaona kuti ndinali nditangouza anthu makumi anayi. Ine mwini sindinaone.

Dzanja limodzi linakwera pa benchi yakutsogolo.

"Aphunzitsi, mayiwo anasaina chilolezo choti nkhani yawo iziphunzitsidwa?"

"Iwe Mafunso, ndasintha zonse. Ngakhale mwana wake atakhala m'kalasi muno sangamuzindikire."

"Zikomo, aphunzitsi."

Anawerama n'kulemba. Ndinaona kuti akulemba pang'onopang'ono, ngati munthu amene safuna kuphonya liwu. Ndinavala nsapato zanga, ndinapitiriza phunziro.

Lamlungu limenelo sanabwere kwathu. Lotsatira lakenso sanabwere. M'kalasi anasamukira kumbuyo. Ndinadziuza kuti ndi mayeso, ana amasintha mayeso akayandikira. Katswiri wa zamaganizo akafuna kudzinamiza amakhala ndi zida zonse.

4

Tibwerere ku envelopu ija. A Chete anakhala pampando wa alendo, manja pamiyendo, akundidikira kuti ndiwerenge.

Dzina la wodandaula a bungwe anali ataliphimba. Koma dandaulolo linalembedwa bwino moti ndikanakhala ndikulichonga ndikanapereka malikisi onse. Tsiku, nthawi, chipinda, chiwerengero cha anthu amene anamva. Mawu anga enieni, osawonjezera, osachotsera. Panalibe mwano, panalibe misozi. Ndi momwe ndinkawaphunzitsira.

Mutu woyamba: kuulula nkhani ya wothandizidwa popanda chilolezo chake.

Mutu wachiwiri: kusasintha nkhaniyo mokwanira, moti munthu wina m'kalasi anamuzindikira mwini wake.

"Awa ndi anzanga a nsanje," ndinatero. "Atuma mwana. Pasukulu pano alipo amene sanakwerepo ndege."

"Tembenuzani pepalalo," anatero a Chete.

Mutu wachitatu: kuthandiza wachibale, pamene malamulo amati am'tumize kwa katswiri wina.

Chipinda chinachepa. Masatifiketi aja anangokhala ngati magalasi khumi ndi limodzi akundiyang'ana.

"Ziwiri zoyambazo ndazimva," anatero a Chete. "Chachitatuchi ndiye chandiimitsa mutu. M'nkhani yanu mayiyo ndi wa kudziko lozizira. Muli ndi achibale kumeneko?"

"Ayi."

"Ndiye ndi wachibale uti?"

Ndinatenga makiyi a galimoto. Kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito pasukulupo, ndinatuluka m'chipinda mawu omaliza atanena wina.

5

Shopu ya alamu anga, akazi a achimwene, ili kuseri kwa sitolo ya mankhwala. Ndi kachipinda kamodzi: makina awiri osokera, galasi lalitali long'aluka pakona, madiresi a anthu atapachikidwa pawaya, ndi zidutswa za nsalu pansi ponse. Masiku onse ndikangolowa amayamba ndiwo: "Alamu a ndege, mwatibweretsera chiyani, kapena nkhani zokhazokha?"

Tsikulo anangokweza maso n'kupitiriza kupalasa makina. Tepi yoyezera inali pakhosi, mapini atatu pakamwa. Ankapalasa ndi mapazi opanda kanthu. Pansi pa mpando wawo panali nsapato ziwiri zakuda, zitayang'ana kukhomo.

Inde, owerenga. Kunalibe dziko lozizira, kunalibe wokonza tsitsi, kunalibe sitima. Mwana wamwamuna uja anali wamkazi, ndipo tsiku limenelo anali pa benchi yakutsogolo ndi cholembera m'manja.

Alamu anabwera ku ofesi yanga yoyamba chiphaso changa chili ndi mwezi umodzi. Lamulo ndinkalidziwa, inki yake inali isanaume m'mutu mwanga. Koma anali munthu woyamba kugogoda pachitseko chokhala ndi dzina langa, ndipo ndinkafuna kuonetsa kuti wogona pabalaza uja tsopano ndi katswiri. Ndinawapatsa mpando ndi madzi. Kwa katswiri wina sindinawatumize.

Anamaliza msoko, anadula ulusi, anachotsa mapini pakamwa limodzilimodzi.

"Mayiko angati, alamu?"

"Mukuti chiyani?"

"Nkhani yanga. Yafika mayiko angati?"

Ndinayang'ana pansi. "Khumi ndi anayi."

"Ine ndege sindinakwerepo. Koma nsapato zanga zayenda."

"Alamu, ndinasintha ntchito yanu, ndinasintha dziko, ndinasintha..."

"Munasintha zimene sizikoma posimba. Zokomazo munasiya." Anapinda diresi bwinobwino. "Mwana anabwera kuno tsiku lomwe munaisimba m'kalasi. Sanandipatse moni. Anagwada apa, anatenga nsapatozi, anazinyamula pachifuwa ngati khanda. Akuti: 'Amayi, nsapato zizidziwa njira?' Mawu amenewo wawamva kwa ine chibadwire. Ndiye akuti: 'Ine ndinabadwadi masiku osakwana?'"

"Munati chiyani?"

"Ndikananama bwanji, atamva kale kwa katswiri?"

Panadutsa njinga yamoto panja. Tinaimvera mpaka inazimiririka.

"Ankaseka?" anafunsa.

"Ndani?"

"Ana a sukuluwo."

"Pa nsapato pokha."

"Inu munkavula zanu?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Anatseka maso. Ndikanakonda akananditukwana kapena kundigenda ndi sizasi. Iwo anangoti, "Tsiku lija mukanandibweza pakhomo, ndikanakudani mlungu umodzi. Mlendo akanandisungira chinsinsi."

"Achimwene akudziwa?"

"Mwana wandipatsa mpaka Lamlungu likubwerali kuti ndiwauze. Akuti sangadye ndi bambo ake tebulo limodzi akuwanamiza." Anatenga nsalu ina n'kuiyala pamakina. "Pitani kuntchito kwawo. Mukawauze zimene inu mwachita. Zanga musakhudze, ndinena ndekha. Mungathe zimenezo, kapena ndikulembereni papepala?"

6

Achimwene anasiya maulendo aatali mawondo atayamba kuvuta. Masiku ano amayang'anira mathiraki pabwalo la kampani. Ndinawapeza atawerama pa injini, malaya ali mafuta okhaokha. Ine ndinali mu suti, ndikudumpha timadzi takuda pansi.

"Bwana wafika," anatero osatembenuka. "Ndamva fungo la perefyumu. Kwagwanji masana ano?"

"Achimwene, ndalakwa."

"Iwe? Lembani tsikuli, anthu inu."

"Ndinatenga nkhani ya munthu amene anandikhulupirira, n'kumaisimba m'kalasi. Zaka zambiri. Tsopano yafika kumene sinkayenera kufika."

Anaika sipanala pansi. Anapukuta manja ndi chiguduli, chala chimodzichimodzi.

"Ya alamu ako."

Ndinaluma mlomo, poti alamu anati zawo ndisakhudze.

"Mwana wamva?"

Apo ndinalephera kuwayang'ana, ndipo iwo anamva yankho. Anakhala pa tayala lakale. Munthu wamkulu ngati ameneyo, ndinamuona akuchepa.

"Ukukumbukira tsiku ndinabwera ku ofesi kwako n'kutseka chitseko?"

"Ndikukumbukira."

"Nalonso umalisimba?"

"Ndimalisimba."

"Umati chiyani?"

"Kuti munandiopseza, ine osagonja."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Mphwanga, ine ndine dalaivala. Ntchito yanga yonse ndi kuwerenga masiku ndi mitunda. Ukuganiza kuti ndinalephera kuwerenga miyezi ya m'nyumba mwanga? Ndiponso mwana wa masiku osakwana sabadwa ndi masaya ngati aja."

"Munkadziwa?"

"Ndinadziwa mlungu womwe ndinafika. Ndinayendetsa thiraki masiku atatu ndikulankhula ndekha. Pobwera ndinali nditasankha: mkazi ndi wanga, mwana ndi wanga. Chinatsala ndi chimodzi. Panali munthu wachitatu wodziwa, ndipo ndinamulera ndekha, pakamwa pake ndinkapadziwa. Sindinabwere kudzamva kanthu kwa iwe. Ndinabwera kudzaona ngati pakamwapo pamatsekeka. Ukanandiuza tsiku limenelo, ndikanasamutsa banja langa kupita kumene sukanatipeza. Unakana. Ndinatuluka mu ofesi yako n'kukagula bulangete la mwana."

"Nanga bwanji simunawauze alamu kuti mukudziwa?"

"Akanakhala m'nyumba mwanga ngati mlendo wokhululukidwa, kuyenda monyang'ama, kundithokoza pa chilichonse. Ine ndinkafuna mkazi woti azindikalipira ndikalowa ndi matope." Anayang'ana manja awo. "Nsapato zijazi ukuganiza sindiziona? Zaka makumi awiri ndi zinayi, ndikadzuka m'mawa ndimayamba ndasuzumira pansi pa mpando. Zikakhalapo, ndiye kwacha."

Ndinagwada pomwepo, suti ndi mafuta omwe. "Achimwene, ndimenyeni."

"Dzuka, ukuipitsa thalauzi la kunja." Anaimirira movutikira. "Mayeso aja unakhoza, mphwanga. Sindinadziwe kuti uzidzayenda nalo pepala lake ukuonetsa anthu."

Anavula malaya antchito, anawapachika pagalasi la thiraki.

"Tapatuka. Ndikapeze mwana wanga asanayambe kuganiza kuti ali ndi bambo wina woti akamufunefune."

7

Mlandu suola. Patatha mwezi ndinakaonekera pamaso pa bungwe. Anthu asanu kuseri kwa tebulo lalitali, botolo la madzi pamaso pa aliyense. Atatu mwa iwo ndinawaphunzitsa ndine. Mmodzi ankalephera kundiyang'ana, paja nayenso anasekapo pa nsapato.

Ndinali nditakonza mawu okwana masamba asanu ndi limodzi, okoma kwambiri. Nditaona Mafunso atakhala kumapeto kwa tebulo, msana uli chilili, ndinawapinda n'kuwaika m'thumba.

"Mitu itatu yonseyi ndikuivomera," ndinatero. Sindinalankhulepo mwachidule chotero m'moyo wanga.

Wapampando anatembenukira kwa mwanayo. "Awa ndi bambo ako aang'ono. Bwanji sunaithetsere kunyumba nkhaniyi?"

"Anatiphunzitsa kuti ukaona mnzako wa ntchito akuphwanya chinsinsi umakanena ku bungwe, kaya akhale ndani. Linali funso lachitatu pa mayeso athu. Komanso chaka chamawa kubwera kalasi ina."

Chigamulo chinali chakuti chiphaso changa chiimitsidwe zaka ziwiri, ndisiye kuphunzitsa, ndipo ndisanabwerere ndidzalembenso phunziro la malamulo ndi khalidwe la ntchito ngati wophunzira. Phunziro langa lomwe.

Mafunso ndinam'peza pakhonde akutseka chikwama.

"Mwana wanga."

"Aphunzitsi."

"Ndine bambo ako aang'ono."

"Amenewo ndinawasiya m'kalasi atavula nsapato." Mawu ake sananjenjemere, koma zipi ya chikwama inkamukanika. "Mukudziwa chimene chimandiwawa? Nanenso ndinaseka. Mutavula nsapato zija ndinaseka, ndinati mayi ameneyu ali ngati amayi anga. Ndinaseka mpaka munafika pa masiku osakwana."

"Ndikhululukire."

"Munandiyang'ana musanayambe. Ndinakuonani. Munandiyang'ana, kenako munayamba."



Ndinaima pawindo n'kumuona akutsika masitepe. Panja pageti panali achimwene, atavala jekete lawo limodzi lija, ndi alamu pambali pawo. Mwanayo analowa pakati. Achimwene anamulanda chikwama ngati mmene ankachitira akuchokera ku sukulu ya mkaka. Anapita atatu. Palibe anayang'ana m'mwamba.

8

Tsopano ndimakhala pa benchi yakumbuyo, pakati pa ana a msinkhu wa Mafunso. Phunziro langa analitenga a Chete. Savula nsapato, samenya tebulo, ndipo ana amawodzera. Koma nkhani iliyonse imene amaphunzitsira amayamba aonetsa pepala losainidwa. Masatifiketi anga ali m'katoni pansi pa bedi. Mafunso anamaliza maphunziro, akugwira ntchito pachipatala china, ndipo ndimamva kuti anthu amamukhulupirira. Lamlungu sabwerabe.

Inu owerenga, makamaka amene anthu amakutsekerani chitseko n'kukuuzani za kumtima, kaya ndinu anamwino, aphunzitsi, abusa kapena chabe mnzake wa munthu, mverani wokolopa amene anakwera ndege. Ine sindinaulule chinsinsi chifukwa choopsezedwa. Munthu wa manja ngati mafosholo analephera kundichotsa mawu. Anandichotsa ndi ana owodzera amene ndinkafuna kuti aseke. Nkhani ukaisimba kambirimbiri imayamba kuoneka ngati yako, umaiwala kuti ili ndi mwini wake amene akupalasa makina kwinakwake. Ndipo kanthu kamene kamakoma kwambiri posimba, kamene umati aka kokha ndisasinthe, ndi komweko kamene mwana wa munthu adzazindikire. Madzi akatayika saoleka.

Ndikudziwa chimene mukufunsa. Mukuti bamboyu sanaphunzire, si uyu akuisimbanso, tsopano kwa dziko lonse?

Ulendo uno ndinapempha. Ndinailemba, ndinakaisiya kushopu, ndinadikira miyezi iwiri. Alamu anaibweza itadzaza mizere ya cholembera chawo. Anati ithandiza ana a sukulu, koma chizolowezi chawo chenicheni ndichichotse ndi mizu yomwe. Choncho nsapato mwawerengazi si nsapato. Ndinaziluka ndekha, pamodzi ndi makina osokera ndi mathiraki. Chimene alamu amachita akalowa m'chipinda ndi china, ndipo ndikuuzeni zoona, n'chokoma kusimba kuposa nsapato. Chimandiyabwa palilime tsiku lililonse. Simudzachimva.

Achimwene anasaina osawerenga, anati maso avuta. Alamu anasaina atawerenga kawiri. Pepala la Mafunso linabwera pomalizira, pa positi, siginecha ili m'malo mwake, tsiku lili m'malo mwake. Pansi pake anawonjezera mzere umodzi ndi pensulo:

"Ndawerenga, aphunzitsi. Amayi sindinawazindikire. Inu ndakuzindikirani."